Foni Yafikitsa Sapatero Kwawo

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA GULU LA MASEWERA A NJIRA YA KWATHU

Tsiku: Loweruka, pa 15 Julho 2023
Malo: Pakhonde la baraka (kagolosale) ya a Efraimu Ntokota, pafupi ndi siteshoni ya sitima, Entre Lagos

Opezekapo:
A Efraimu Ntokota, wapampando
Ivone Malemia, mlembi
Che Bwanausi Asani, Mwininjira, ndiye kuti woyendetsa masewera
Abiti Yasini, woimira osewera a ku Amaramba
A Vitorino Saize, ometa tsitsi, woimira osewera achinyamata
Apulofesola Adelaide Alberto, oitanidwa, amene anakonza pulogalamu ya pafoni

Osapezekapo:
Che Husseini Tabu, anapepesa, ali kunyanja
Mayi Rabeca Alberto a ku Chiuta, sanatumize mawu (koma onani ndime 6)

1. KUTSEGULA

Wapampando anatsegula msonkhano mochedwa, atadikira mayi Rabeca mpaka tiyi anazizira. Che Bwanausi anapemphera, malinga ndi pangano lathu loti mwezi uno Asilamu, mwezi wamawa Akhristu.

Wapampando anati msonkhano waitanidwa chifukwa cha pulogalamu ya pafoni imene komiti inapempha apulofesola Adelaide kuti akonze yothandizira masewera athu. Anati pali madandaulo ambiri, koma nkhani yeniyeni ndi imodzi: chiyesereni pulogalamuyi mwezi wathawu, mayi Rabeca, amene sanajombepo chiyambire gulu, sakubweranso ku masewera. Anati: "Tikapanda kusamala lero, titaya munthu chifukwa cha foni."

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga zolembedwa za mwezi watha. A Vitorino anatsutsa mawu oti iwo "anakuwa", nati anangokweza mawu. Komiti inalola kuti pasinthidwe, ndipo mlembi wasintha, ngakhale kuti amayi ogulitsa chinangwa ku siteshoni anamva zonse tsiku limenelo.

3. KULEMBA MMENE MASEWERA AMAYENDERA

Apulofesola Adelaide anadziwitsa komiti kuti pulogalamuyi yayenda yokha. Anthu akupatsirana foni ndi foni, moti yafika ku Cuamba ndi ku Mandimba, kwa anthu amene sanaonepo thumba lathu la masewera. Ena akumawaimbira kufunsa ngati munthu angawine njinga. Anapempha kuti komiti ifotokoze masewerawa mwachidule kuti aike mawuwo koyambirira kwa pulogalamu. Wapampando analongosola, Che Bwanausi n'kumawadula pakamwa, ndipo chimene anagwirizana ndi ichi:

Njira ya Kwathu inayambira ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, pamene anthu ankangokhala kudikira mtendere. Mapu ake amajambulidwa ndi makala pa thumba la chimanga: kampu mbali ino, midzi ya kwathu mbali inayo, pakati mapiri, mitsinje ndi dambo la Chiuta. Wosewera aliyense amapeka munthu wake, amene timamutcha mlendo, n'kumupatsa dzina, ntchito ndi katundu mmodzi yekha woti anyamule. Mwininjira amafotokoza zimene alendowo akukumana nazo, wosewera amanena chimene mlendo wake achite, kenako amaponya matampa asanu, ndiye kuti zotsekera mabotolo. Atatu akagwa chagada, chinthucho chatheka. Akachepera pamenepo chakanika, ndipo Mwininjira amanena tsoka limene lagwa.

Kuponya komaliza, kowolokera dambo, wosewera saponya yekha. Mwininjira amaika matampa m'kofia, kachipewa kake, amaivundikira pa thumba, amasuzumira yekha, n'kulengeza. Mlendo akawoloka ndiye kuti wafika, sayendanso. Pamenepo Mwininjira amasimba zimene wapeza kwawo: ngati nyumba ilipo, ngati mtengo wa mango unapulumuka, ndi amene wamuchingamira pakhomo. Wosewerayo timamuthira ufa kumutu ndi nthungululu, monga tinkachitira abale akamatsika m'magalimoto obwerera kwathu. Zikatha izi amapeka mlendo wina n'kuyambanso.

Panabuka kusagwirizana pa nkhani ya amene anayambitsa masewerawa. Wapampando anati maganizo anali awo. Che Bwanausi anati maganizo n'kutheka, koma makala anagwira ndi Alberto, mwamuna wa mayi Rabeca. Komiti inagwirizana kulemba kuti "anayambitsa ndi anthu a ku kampu". Wapampando anavomera, nkhope ili kumbali.

4. ZIMENE OSEWERA ANKAYEMBEKEZERA

4.1 Abiti Yasini anabweretsa mawu a ku Amaramba. Anati anthu anaikonda pulogalamuyi chifukwa safunikanso kukumbukira pamene mlendo aliyense anaimira, ndipo mikangano ya "unali kutsidya" "ayi ndinali kuno" yatha. Anayamikiranso kuti imagwira ntchito popanda mamega a intaneti. Koma shehe wa kwawo anawaitana n'kufunsa ngati gulu layamba juga, chifukwa matampa akamagwa mu foni mumamveka kulira kwa makobidi, ndendende ngati masewera obetcha aja amene akusokoneza anyamata. Abiti Yasini anati anachita manyazi kwambiri.

Apulofesola anapepesa, nati phokosolo anangolitola pa zinthu zaulere osaganizira. Che Bwanausi anati pa masewera athu palibe amene amawina kanthu koma ufa kumutu. Komiti inagwirizana kuti ajambule mawu a matampa enieni akugwa pa thumba lenileni. Anayesa pomwepo. Koyamba munalowa tambala wa wapampando, kachiwiri munalowa wapampando akukalipira tambala. Ayesanso kunyumba.

4.2 Asodzi a ku Amaramba anafunsa kudzera kwa Abiti Yasini kuti, ngati foni imadziwa kuti dambo ladzadza, ikulephera bwanji kunena za mphepo ya mawa. Apulofesola anafotokoza kuti dambo la mu foni ndi lopeka, silikhudzana ndi madzi enieni. Abiti Yasini anati akanena, koma akudziwa kale kuti asodzi aona ngati akuwabisira.

4.3 Dandaulo lalikulu la ku Amaramba ndi ku Chiuta ndi la mapu. Apulofesola anaika mapu oona, oyezedwa bwino. Zotsatira zake, midzi yathu yasanduka timadontho, ndipo munthu amayenera kukanula zala pagalasi kuti aone kwawo. Che Bwanausi anatambasula thumba kusonyeza kusiyana kwake. Pa thumba, kampu ndi kakang'ono ngati chikhadabo, koma mudzi wa wosewera aliyense ndi waukulu ngati chikhatho, ndipo ina ili ndi mitengo ndi zitsime zake. Apulofesola anayang'anitsitsa nthawi yaitali, nati akula akuliona thumbali koma sanazindikirepo kuti pamenepo Chiuta ndi wamkulu kuposa dziko lonse la Malawi. Analonjeza kujambula thumba lenilenilo n'kuliika m'malo mwa mapu oonawo.

4.4 A Vitorino anati achinyamata anakhumudwa. Ankayembekezera zithunzi zoyenda, alendo ovala zachitsulo, ndiponso zinjoka zamapiko zolavula moto ngati za m'masewera akunja. Anati pa njira yathu pamangokhala afisi, ng'ona, njala ndi mlatho wothyoka, ndipo munthu amatopa nazo. Wapampando anayankha kuti zinthu zouluka zolavula moto anthu a msinkhu wawo anazionapo, ndipo palibe amene anapempha kuti zibwerenso. Che Bwanausi anati ngati ndi njoka, napolo alipo kale m'masewera, koma achinyamata samufika chifukwa amafulumira kudzera njira ya kumunsi. A Vitorino anafunsa kuti napoloyo amatuluka pati. Che Bwanausi anakana kuulula, nati akadzere kuphiri akaone okha.

4.5 A Vitorino anapemphanso kuti foni izifotokoza yokha nkhani ya panjira ndi mawu a Che Bwanausi, kuti anthu azisewera ngakhale eni ake kulibe, popeza amakhala kutali ndipo njinga yawo ndi ya nthawi ya atsamunda. Abiti Yasini anawonjezera kuti izilankhulanso Chiyao. Apulofesola anati akhoza kujambula mawu, koma foni idzangobwereza zomwezo nthawi zonse. Che Bwanausi anati iwo sanafotokozepo fisi mmodzi kawiri, ndipo njinga yawo isalowe m'zolembedwa. Mlembi wailowetsa chifukwa inatchulidwa pamsonkhano. Nkhaniyi yasiyidwa kaye.

5. MAFUNSO KWA APULOFESOLA

Wapampando anapempha kuti foni iikidwe pakati, nati pali funso limene akhala akuchita nalo manyazi: kodi mkatimo amaponya ndani? Apulofesola anati palibe munthu, ndi manambala amene amasakanizika mofulumira, ngati mmene munthu amapisira dzanja m'thumba la nyemba osayang'ana. Wapampando anafunsa ngati manambalawo amatha. Anayankhidwa kuti satha. Anaponya okha kangapo, n'kumayang'ana kuseri kwa foni.

Abiti Yasini anafunsa ngati foni ya ku Amaramba imadziwa zimene ya ku Entre Lagos yaponya. Anayankhidwa kuti ayi, iliyonse ili payokha. Anati ndiye kuti ndi zabwino kuposa anthu.

Che Bwanausi anafunsa mafunso awiri. Loyamba: kodi foni imadziwa amene waigwira? Apulofesola anati ayi. Lachiwiri: kodi ikaona kuti munthu zamuvuta, imatha kumva chisoni? Apulofesola anati ayi. Che Bwanausi anagwedeza mutu, nati ndi zimene ankaganiza.

A Vitorino anati chimenecho ndiye chabwino chake. Anakumbutsa komiti kuti mlendo wawo analumidwa ndi ng'ona katatu motsatizana sabata imene anawameta molakwika Che Bwanausi. Che Bwanausi anati ng'ona imeneyo inali ndi maso, inaona mutu wawo. Wapampando analamula kuti nkhani ipitirire.

6. NKHANI YA SAPATERO

6.1 Wapampando anapempha mlembi kuti alembe nkhaniyi kuchokera pachiyambi, kuti odzawerenga m'tsogolo asadzatiweruze osadziwa.

Sapatero ndi mlendo amene Alberto anapeka ku kampu: wosoka nsapato, katundu wake singano imodzi yaikulu. Mtendere utasainidwa, magalimoto obweza anthu asanayambe, Alberto anatsogola wapansi kukaona ngati nyumba yawo ku Chiuta ilipo. Anasiya mayi Rabeca ali ndi Adelaide kumsana. Sanabwerere ku kampu, ndipo banja litafika kwawo silinamupeze. Palibe amene akudziwa chimene chinachitika panjira. Masewera atayambiranso kuno, mayi Rabeca anakana kupeka mlendo wawo, anatenga Sapatero pamene mwini wake anamusiya. Kuyambira pamenepo Sapatero wafika m'mphepete mwa dambo kosawerengeka, ndipo nthawi zonse Che Bwanausi akasuzumira m'kofia amati madzi adzadza, abwerere kumudzi wa kumbuyo. Matampa agwe mmene angagwere, yankho limakhala lomwelo. Izi aliyense m'gulu amazidziwa, ndipo palibe amene anazinenapo mokweza. Mlendo wofika sayendanso, ndiye tonse tinkaona kuti Sapatero akafika, mayi Rabeca adzakhala ngati aferedwa kachiwiri.

Tsiku loyesa pulogalamu, pakhonde lomwe lino, Sapatero anafikanso padambo. Che Bwanausi akuti avule kofia, a Vitorino, amene anagwira foni, anali atadina kale. Matampa anayi anagwa chagada aliyense akuona, ndipo pagalasi panatuluka mawu amodzi: "Wafika." Che Bwanausi anapinda thumba nati kwada, dzuwa lili pamutu. Mayi Rabeca ananyamuka n'kumapita, ndipo sanabwerenso.

6.2 A Vitorino anapepesa, nati za kofia amazidziwa, koma chala chinatsogola chifukwa chinazolowera. Komiti inalandira.

6.3 Apulofesola Adelaide anati pamene ankayamba ntchitoyi anapempha komiti kuti iwapatse malamulo onse, ndipo anafunsa kawiri ngati palibe lotsala. Anauzidwa kuti kuponya komaliza kumachitikira m'kofia, iwo n'kuganiza kuti ndi zongokometsera masewera. Che Bwanausi anayankha kuti: "Malamulo tinakupatsa onse, mwana wanga. Chimenechi si lamulo, ndi ulemu. Ulemu sitilemba."

Apulofesola anati iwo anachoka ali aang'ono kupita kusukulu ku Cuamba, ndipo moyo wawo wonse ankakhulupirira kuti mlendo wa bambo awo ali ndi tsoka basi. Anati akapita kunyumba amayi amawalandira bwino, koma akatchula za foni amasintha nkhani. Anati akuopa kuti awapweteka amayi awo ndi ntchito ya manja awo. Abiti Yasini anawagwira paphewa, nati mlandu si wawo, foni tinaipempha tokha, walira mvula walira matope.

6.4 Maganizo amene anaperekedwa:

Wapampando anati tsiku lija lilengezedwe kuti linali longoyesa, kuponya kuja kufafanizidwe, Sapatero abwerere kutsidya, ndipo nthumwi zipite ku Chiuta kukawauza mayi Rabeca kuti foni inalakwitsa.

Apulofesola anati akhoza kuika batani lotchedwa "kofia", loti likadinidwa matampa aoneke kwa Mwininjira yekha. Wapampando anafunsa modabwa ngati n'zotheka kuphunzitsa foni kunama. Apulofesola anati foni siinama, ingotseka pakamwa. Che Bwanausi anati zikatero ndiye kuti yayamba kukula.

A Vitorino anati apepesa kale, koma kukawauza mayi wamkulu kuti foni inalakwitsa pamene anaona okha matampa anayi ali chagada, ndi kuwatenga ngati mwana. Wapampando anati amene anayatsa moto asamatiphunzitse kuzima. A Vitorino anakweza mawu.

Wapampando anati nkhaniyi ipite ku mavoti. Manja asanakwezedwe kunadutsa sitima ya malasha, yaitali ija, ndipo msonkhano unaima chifukwa panalibe womva mnzake.

6.5 Sitima itatha, kutsidya kwa njanji kunali mayi Rabeca ataimirira, atangotsika pa njinga ya hayala, atanyamula kathumba komanga m'chitenje cha kapulana. Mlembi waika chizindikiro pa dzina lawo pa osapezekapo. Analonjera aliyense, anakana mpando wa wapampando, n'kukhala pambali pa mwana wawo. Mawu awo alembedwa mmene anawanenera, chifukwa mlembi sanapeze poti afupikitse.

"Ndamva kwa Husseini kuti mwakhala pano kuti muwabwezere amuna anga m'madzi."

Wapampando anafotokoza kuti komiti inaona kuti apwetekedwa mtima, ndipo ikufuna kukonza.

"Munandifunsa?"

Mlembi akuvomereza kuti m'maganizo onse atatu a pa 6.4, panalibe limodzi loti tikawafunse eni ake. Safunsa anadya phula.

"Za kofia ndimazidziwa, alamu a Bwanausi, musaganize kuti ndinali wogona. Chaka choyamba ndinathokoza mumtima. Uyu ali kumsana ndinkafuna munthuyo azikhala panjira, chifukwa amene ali panjira tsiku lina amagogoda. Koma taonani imvizi. Ine ndinasiya kalekale kutchera khutu kukhomo. Loweruka lililonse ndimabwera naye mpaka padambo, inu n'kumubweza. Munthu wosoka nsapato za anzake, zaka zonsezi ali m'matope, zake zomwe zinatha. Ndinkafuna kunena kuti mulekeni awoloke, koma ndikanayamba bwanji, inu mukuchita mwa chikondi? Manyazi anandigwira. Kanthu ka mwana wangaka kalibe manyazi, kandinenera. Pronto, basi."

Apulofesola anafunsa kuti: "Ndiye amayi, simunandikwiyire?"

"Iwe wachita chiyani? Ndinkasintha nkhani chifukwa ndikanalira, ndipo iwe umabwera kudzapuma."

Wapampando anafunsa kuti, ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani anasiya kubwera.

"Inu a Efraimu, mlendo wanu woyamba atafika, anakusimbirani mpaka mbuzi imene inathawira kwa aneba. Abiti Yasini anauzidwa kuti bwato lawo analipeza m'bango losabowoka. Vitorino uyu, wa dzulodzuloyu, anamuphikira nkhuku m'nkhani. Wanga wafika, foni yati wafika, inu mwapinda thumba. Munthu waima pakhomo mwezi wathunthu, palibe womutsegulira. Ine ndinapita kunyumba kukasinja ufa, ndimati mundiitana. Ndadikira, ndatopa, ndabwera nawo ndekha."

Anamasula kapulana n'kuika kathumba ka ufa pambali pa foni.

Che Bwanausi anavula kofia n'kuigwira m'manja. Anati: "Mlamu, ndasimba kufika kwa anthu ambiri, ndipo mawu sanandisowepo. Koma kwa Alberto ndilibe poyambira." Mlembi akudziwa kuti dzina la mlendo ndi Sapatero, koma walemba mmene zinanenedwera, ndipo palibe amene anawakonza. Anapitiriza kuti: "Nyumba ija tinaipeza itapsa. Mango anadula. Ndinene kuti apeza chiyani?"

Mayi Rabeca anayankha kuti: "Apeza ine. Apezanso mwana amene anamusiya kumsana, ndipo ndi yemweyo wamuwolotsa. China mukufunanso chiyani?"

6.6 Zimene komiti inagwirizana, popanda wotsutsa:

Kuponya kwa tsiku loyesa kukhale momwemo. Sapatero wafika.

Batani la kofia lisaikidwe. Foni izithandiza panjira yonse, koma padambo izisiyira kofia yeniyeni. Wosewera amene akufuna kuti matampa ake agwe poyera azinena, ndipo Mwininjira asakane.

Kulandira Sapatero kuchitike. Wapampando anati kukhale Loweruka likudzali kuti anthu aitanidwe. Mayi Rabeca anati munthu wadikira zokwanira. Wapampando anabweza mawu awo.

6.7 Msonkhano unaima kwa kanthawi. Thumba linayalidwa pansi, ndipo Che Bwanausi anasimba kufika kwa Sapatero. Anayamba movutika, koma atafika poti mlendo waima pabwalo akupukuta matope kumapazi, mawu anawabwerera. Mlembi sanalembe zimene anasimba. Analira, ndipo sakubisa, chifukwa pakhonde ponse panalibe wa maso ouma, ngakhale a Vitorino amene ankati ndi utsi wa sitima. Abiti Yasini anayamba nthungululu, amayi a chinangwa ku siteshoni n'kuyankha osadziwa n'komwe chimene chachitika. Ufa unathiridwa pamutu pa mayi Rabeca. Iwo anatapa wotsala n'kuthira mwana wawo, ndipo pang'ono anathira foni. Apulofesola anaipulumutsa mwaulemu n'kuuzira pobowoka pake.

7. ZINA NDI ZINA

7.1 Mlembi anakumbutsa komiti kuti malinga ndi ndime 3, wosewera amene mlendo wake wafika amapeka wina. Mayi Rabeca anati anaganizira kale ali pa njinga. Aka ndi koyamba kukhala ndi mlendo wawowawo. Akhala mkazi, dzina lake Rabeca, ntchito yake palibe chifukwa wagwira zokwanira, katundu wake nsapato zatsopano.

7.2 Mayi Rabeca anafunsa ngati foni ingalole mlendo kuyambira kwathu kupita kwina, osati kuthawa, koma kungofuna kuona. Anati sitima zimene zimadutsa pano amamva kuti zimakathera ku nyanja yamchere ku Nacala, ndipo iwo sanaionepo. Apulofesola anati foni siletsa, koma mapu athu amathera pa Chiuta. Che Bwanausi anati pafunika thumba lachiwiri losokerera kum'mawa, ndipo zimene zili panjira imeneyo iwo sazidziwa, ayenera kufunsa. A Vitorino anafunsa ngati kumeneko kungakhale zinjoka zamapiko. Anauzidwa kuti tikaona. Wapampando analonjeza thumba, Abiti Yasini makala.

7.3 Che Husseini Tabu athokozedwe chifukwa chosasunga chinsinsi cha komiti.

8. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka, pa 12 Agosto 2023, ku Chiuta, pakhomo pa mayi Rabeca, amene anati nyumba ili ndi mwini wake tsopano, alendo akhoza kubwera. Pemphero lidzakhala la Akhristu.

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 17:20, tiyi atafunditsidwanso. Madontho oyera amene ali pa tsamba lino ndi ufa, ndipo mlembi sanawapukute.

Efraimu Ntokota
Wapampando

Ivone Malemia
Mlembi